Mbale Imodzi, Manja Ambiri

Mawu oyankhulidwa pa mwambo wa chikhalidwe ku Ndunde, m'boma la Chiradzulu



Ndikudziwa bwino lomwe kuti munthu woyankhula nsima ili pamoto sakondedwa. Utsi umene ukufuka kuseri kwa bwaloli tonse tikuuona, ndipo fungo la nandolo latipeza kale pano. Choncho sindichedwa. Koma popeza nkhani imene akuluakulu anandipatsa ndi ya chakudya chomwecho, ndikupempha kuti mupirire nane pang'ono, kuti pamene tizisamba m'manja tikhale tikudziwa kukula kwa chimene tikuchita.

Ndiyamba ndi kudziulula. Zaka pafupifupi makumi atatu zapitazo, nditangomaliza maphunziro anga ku Chancellor College ku Zomba ndi kuyamba ntchito yauphunzitsi, ndinalandira malipiro anga oyamba. Ndinaganiza kuti njira yabwino yothokozera amayi anga, amene anagulitsa nandolo ndi nkhuku zaka zonse kuti ine ndiphunzire, inali kuwatengera ku Limbe kuti akadye kumalo odyera, akakhale pampando, wina awaphikire. Tinanyamuka anthu anayi: amayi, amalume, mlongo wanga ndi ine. Amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi.

Titakhala patebulo, mnyamata woperekera zakudya anabwera ndi mbale zinayi, iliyonse ndi mpunga wake ndi nthuli yake ya nkhuku, n'kuika mbale imodzi patsogolo pa munthu aliyense. Amayi anayang'ana mbale zija, anayang'ana amalume, kenaka anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi mwanawe, tayambana?" Ine sindinamvetse. Iwo anati, "Nanga aliyense ndi mbale yakeyake bwanji?" Asanayankhidwe n'komwe, anakhuthulira mpunga wawo m'mbale ya mlongo wanga, awiriwo n'kuyamba kudyera pamodzi. Posakhalitsa anaona mnyamata uja ataima chakukhoma, akudikira kuti mwina timuitana. Anamukodola n'kunena kuti, "Iwe mwana, tabwera tidye." Mnyamatayo anaseka mwaulemu n'kukana, koma amayi sanamasuke mpaka iye atachoka pamaso pawo. Pomaliza, anatenga theka la nthuli yawo, anaikulunga m'kapepala, n'kuimanga pansonga ya chitenje.

Apo manyazi anandigwira. Ndinawanong'oneza kuti, "Amayi, kuno sachita choncho." Iwo anandiyang'ana n'kuyankha kuti, "Ndiye ndikafike kwathu ndi pakamwa ponona, adzukulu akandione bwanji?"

Tsiku limenelo ndinabwerera kuno ndikuganiza kuti amayi sadziwa kudya kwa m'tauni. Zinanditengera zaka zambiri, mpaka tsitsi langa litayamba kuyera, kuti ndizindikire kuti wosadziwa kudya ndinali ine. Pa chakudya chimodzi chokha amayi anachita zinthu zitatu: anakana kudya okha, anaitana woimirira, ndipo anakumbukira otsala kunyumba. Zinthu zitatuzi ndizo ndabwera kudzakamba lero, pakuti zikakhalapo chakudya chimakoma kulikonse kumene tingadyere, kaya ndi pansi pa mtengo wa mango, kaya ndi m'hotela ya ku Blantyre.

Amayi sanazitole pamsewu zimenezi. Anakulira m'mwambo umene makolo ankautcha chidyerano. Achinyamata ambiri mawuwa mwina mukuwamva koyamba, choncho ndifotokoze. Dzuwa likapendeka, nyumba iliyonse ya mbumba inkaphika nsima ndi ndiwo zimene yapeza tsiku limenelo. Zikapsa, mbale zinkatuluka m'nyumba zonse n'kukakumana pamalo amodzi: amayi ndi ana aang'ono kwawo, abambo ndi anyamata osinkhuka kwawonso. Uyu wabwera ndi nkhwani wotendera, uyo therere la chidulo, winayo matemba a ku Chilwa, wina chipere, wina mfutso wa m'chikwatu. Munthu ankatema mbamu imodzi n'kuisunsa kuno, ina n'kuisunsa uko, kotero kuti nyumba imene inaphika ndiwo imodzi inkadya ndiwo zisanu.

Kudya kumeneku kunali ndi malamulo ake, ndipo ana ankawaphunzira popanda choko ndi bolodi. Wamkulu ndiye ayambe kusamba m'manja. Utema nsima kumbali yako, osalumphira kwa mnzako. Susankha nthuli akulu asanatole. Ukaona kuti mtanda watsala pang'ono, iwe wamkulu umasamba m'manja msanga kuti wamng'ono atsirize. Mlendo akafika chakudya chili pakati, safunsidwa ngati wadya. Amangopatsidwa madzi osamba m'manja, popeza mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndipo akamuphera nkhuku, nthutumba iyenera kupezeka m'mbale yake, kuti adziwe kuti nkhukuyo anaphera iyeyo.

Koma phindu lalikulu la chidyerano linali lobisika. Mayi amene tsiku limenelo analibe ndiwo ankabwera ndi nsima yokha, ana ake n'kudya bwino popanda iye kupempha. Mwana wamasiye ankapisa dzanja m'mbale yomweyo ndi ana a eni nyumba, ndipo palibe ankamuwerengera mbamu. Mbale ya nyumba ina ikapanda kutuluka masiku awiri otsatizana, mudzi wonse unkadziwa kuti kumeneko kwagwa vuto, kaya ndi matenda, kaya ufa watha, kaya banja lagwedezeka, ndipo akuluakulu ankapitako asanaitanidwe. Makolo analibe kaundula wa anthu ovutika. Mbale ndiyo inali kaundula wawo. Paja amati patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha: chidyerano chinakonzedwa kuti wosowa alandire ulemu wake usanachoke.

Sindinaime pano kuti ndikunamizeni kuti zonse zakale zinali zokoma. Monga mphunzitsi ndiyenera kunena mbali zonse. M'mwambo womwewo, nthuli zonona zinkapita kwa abambo, ana n'kutsala ndi msuzi ndi zipalapaso. Mayi woyembekezera ankaletsedwa mazira poopa kuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Mayi amene wasinja, watunga madzi, watola nkhuni ndi kuphika ndiye ankadya pomalizira. Zotsatira za kugawa kotereku, pamodzi ndi umphawi, tikuziona mpaka lero: kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Mwambo wabwino ndi umene umalola kukonzedwa. Tisunge mbale imodzi, koma dzira ndi chiwindi zipite kwa mwana ndi kwa mayi woyembekezera.

Mphamvu ya chidyerano imaoneka bwino tikakumbukira nthawi imene chinatha. Agogo anga aakazi ankati akakamba za njala ya 1949 sankayambira pa kuuma kwa chimanga. Ankayambira pa zitseko. Ankati chaka chimenecho anthu anayamba kuphika usiku, kudyera m'nyumba chitseko chili chotseka, ndi kupukuta pakamwa asanatuluke panja. Amuna ambiri anachoka kukasaka chakudya kutali, ena osabwereranso, akazi n'kutsala ndi ana. Katswiri wa mbiri yakale, Megan Vaughan, anayenda m'midzi ya m'boma la Blantyre kufunsa amayi amene anaona njala imeneyi, ndipo buku lake linatuluka mu 1987. Koma ife sitinadikire buku kuti tidziwe. Tinamva kwa eni ake amene anapulumuka. Kwa agogo anga, chimene chinkawawa kuposa m'mimba chinali kuona m'bale wako akubisa mphika. Ambiri a ife tinaonanso zofanana ndi zimenezi m'njala ya 2002, pamene gaga anasanduka chakudya cha anthu ndipo chimanga chinkabedwa chili chachiwisi m'munda.

Tinaonanso mbali ina. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ndi kukokolola midzi, kuphatikizapo mudzi wa Ntauchira m'boma lathu lomwe lino, anthu anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Kumeneko kunalibe mbale ya uyu kapena ya uyo. Mphika unali umodzi, ndipo Mlhomwe, Myao, Mmang'anja ndi Mngoni, Mkhristu ndi Msilamu, ankatambasulira dzanja kumodzi. Amene nyumba zawo zinatsala anabwera ndi kaufa m'mbale, ena mbatata, ena mchere. Chidyerano chinadzuka chokha tsoka litafika. Funso langa kwa inu ndi lakuti: kodi tizidikira namondwe kuti tidyere pamodzi?

Tsopano ndifike pa zakudya zenizenizo, pakuti pali chinthu chimene chimandipweteka mtima kusukulu. Nthawi yopuma ikakwana, mwana amene wagula chipisi kapena mandasi amadyera poyera, pakati pa anzake. Mwana amene amayi ake amulongedzera makaka, mbatata kapena nandolo wa makata amazembera kuseri kwa kalasi n'kumadya mobisa ngati waba. Ndawapezapo ana otere kangapo, ndipo nthawi zonse ndimakhala nawo pansi n'kupempha kuti andigawireko. Amayamba ndi kudabwa, kenaka amaseka. Koma ndikamabwerera ku ofesi ndimadzifunsa kuti manyazi amenewa anawatenga kuti. Yankho ndimalidziwa: anawatenga kwa ife, monga mmene ine ndinachitira manyazi ndi amayi anga ku Limbe.

Ana inu, chimene mukubisacho ndi chimene chinasunga mtundu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Alhomwe ambiri anaoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa misonkho, ntchito yokakamiza ndi njala, n'kudzakhala m'maesiteti a azungu kuno kumapiri a Shire. Kumeneko anakumana ndi thangata, ntchito yolipirira malo okhala, imene inkawawa kwambiri m'maesiteti a Bruce ku Magomero, ndipo inali imodzi mwa nkhanza zimene zinautsa mtima wa Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe mu 1915. Munthu amene amathera miyezi akulima munda wa mwini esiteti analibe nthawi yokwanira yosamalira munda wake. Akuluakulu amatiuza kuti chimene chinawapulumutsa ndi mbewu zopirira: chinangwa chimene chimadikira m'nthaka mpaka mwini wake atachifuna, nandolo amene amacha mbewu zina zitatha kale, ndi kalongonda amene amayanga yekha m'mphepete mwa munda.

Taganizani za nzeru imene ili mu mphika wa kalongonda. Nyemba imeneyi ikapanda kupsa bwino imazunguza mutu ndi kusanzitsa, ndipo pali nthano imene akuluakulu amakamba ya adani amene anapeza mphika wa kalongonda wosapsa m'mudzi wothawidwa, anadya, n'kugonja popanda nkhondo. Amayi athu anadziwa kuti ayenera kumuwiritsa nthawi yaitali, kumusenda, kutaya madzi ndi kuthira ena kangapo, mpaka ululu wonse utachoka. Akatswiri a sayansi anadzapeza pambuyo pake kuti m'nyembayi muli mankhwala otchedwa L-dopa, omwewo amene madokotala amapatsa odwala matenda onjenjemera a Parkinson. Agogo athu sankadziwa dzina limeneli, koma ankadziwa kuchotsa mphamvu yake ndi moto, madzi ndi kudekha. Kodi luso lotere ndi lochititsa manyazi? Ndipo nandolo amene mwana wathu akudyera kuseri kwa kalasi ndi yemweyo amene amalonda amadzagula m'misika yathu n'kutumiza ku India, kumene amadyedwa tsiku ndi tsiku ndi olemera ndi osauka omwe.

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Tayang'anani mphasa ya chidyerano muone ngati pali gulu limene linkasowa. Nsima ya mgaiwa kapena makaka, nandolo kapena khobwe, matemba, ngumbi kapena mbewa, chigwada, kholowa, chisoso ndi bonongwe, nsinjiro zotendera, ndipo pamwamba pake mango, mapapaya kapena masuku. Boma lathu la Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma amene amaweta ng'ombe zamkaka, ndipo m'mawa uliwonse timaona zigubu zikupita kumalo osonkhanitsira mkaka kuti ukagulitsidwe m'tauni. Ndi bwino kupeza ndalama, koma kapu imodzi itsale pakhomo kuti mwana amwe.

Wina angaganize kuti ndikudana ndi zakudya zachilendo. Ayi ndithu. Ndikanakhala wotero ndikanayamba ndi kutaya nsima yomweyi, pakuti chimanga si mbewu ya kuno. Chinachokera ku America, ndipo chinafika ku Africa kuno m'zombo za Apwitikizi ndi amalonda ena, monganso chinangwa, mbatata, mtedza ndi matimati. Nandolo kwawo ndi ku India. Mbewu zimene makolo athu akalekale ankadalira ndi mapira, mawere, mchewere ndi khobwe. Komabe ndani lero angaime pano n'kunena kuti nsima ya chimanga ndi yachilendo, kapena kuti futali ndi chakudya cha alendo? Makolo analandira mbewu zobwera, anaziika mu mtondo wawo, anazitendera ndi nsinjiro zawo, n'kuzisandutsa zathu. Motero chipisi cha mbatatesi ya ku Ntcheu ndi ku Dedza, mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, ndi tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, zonsezi n'zolandiridwa pamphasa pathu. Chimene ndikukana n'chakuti mlendo akalowa m'nyumba, mwini nyumba azikagona kukhola.

Chimodzimodzinso kukadya kunja kwa nyumba. Sindikuona cholakwa chilichonse, ndipo ndikufuna kunena poyera kuti ndi chinthu chokoma chimene banja lililonse liyenera kulawako. Kudyera kunja sikunayambe ndi mahotela. Amene munakwerapo basi zakale mukukumbukira tiyi wa m'kapu yachitsulo ndi sikono pamalo okwerera. M'misika yathu, kuyambira pano pa Ndunde mpaka ku Namitambo ndi ku Mbulumbuzi, muli amayi ophika nsima yotentha, zitumbuwa, chigumu ndi thobwa, muli anyamata a pachiwaya ndi a kanyenya. M'tauni muli malo a chiimirire, kumene kalaliki ndi wonyamula katundu amadyera phewa ndi phewa. Ndipo amisiri ndi ogwira ntchito m'mizinda anatulukira mmemo, kusonkha kangachepe kuti aphike mphika umodzi masana. Mmemo ndi chidyerano chimene chinapita kutauni kukafuna ntchito.

Ubwino waukulu wa kukadya kunja ndi uwu: tsiku limenelo amene amaphika masiku onse amapuma. Abambo anzanga, tawerengani. Mayi amene wakhala pabanja zaka makumi atatu, akuphika kawiri patsiku, wavundula nsima koposa ka 20,000. Utsi wonsewo wapita m'maso mwake. Kodi n'chinthu chachikulu kuti kamodzi pakanthawi avale bwino, akhale pansi, wina amuthirire madzi osamba m'manja ndi kumufunsa chimene akufuna kudya? Pa mfundo imeneyi maganizo anga a ku Limbe aja anali olondola, ngakhale ndinalakwitsa pa zina.

Koma pali kudyera kunja kwina kumene kuli kubisa mphika kwa masiku ano. Bambo wagulitsa nandolo, kapena walandira malipiro, n'kuima pachiwaya yekha, kudya kanyenya ndi mang'ina mpaka kukhuta, kupukuta pakamwa, n'kukafika kunyumba chimanjamanja, kumene ana akudya nsima ndi mchere. Akapatsidwa nsimayo amati, "Lero m'mimba simuli bwino." Mukuseka chifukwa mukumudziwa, ndipo mwina ena takhalapo bambo ameneyu. Kusiyana kwake ndi anthu a mu 1949 n'kwakuti iwo anatseka chitseko chifukwa cha njala, pamene iyeyu watseka chitseko ali ndi ndalama m'thumba. Kudya kwa mnzako sungamwere madzi, ndipo kukhuta kwa bambo sikugoneka mwana.

Palinso kudya kwina kumene ndimakuona m'malesitilanti a m'tauni. Banja lakhala patebulo limodzi, zakudya zabwino zili patsogolo, koma aliyense maso ali pafoni. Chakudya chimajambulidwa n'kutumizidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook chisanalawidwe, kuti anthu akutali achione, pamene amene wakhala naye pafupi sunamufunse n'komwe mmene wadzukira. Anthu otere amayi anga akanawafunsa funso lomwe lija: kodi mwayambana? Pachakudya ndi pamene mwana amaulula kuti kusukulu zinthu sizikuyenda, pamene mkamwini ndi alamu ake amazolowerana, pamene mkangano wa malire a munda umazirala usanafike kwa anyakwawa. Mbamu ikamatsika, mawu ovuta amatuluka mosavuta. Tikapereka nthawi imeneyi kwa foni, nkhani zimenezi zidzakambidwa kuti?

Ndikudziwa kuti ena mukunena mumtima kuti aphunzitsiwa akukamba za anthu a ndalama. Zoonadi zinthu zakwera mtengo, makamaka chichokereni pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngakhale ife apantchito, kutengera banja lonse kulesitilanti ndi nkhani yoyamba yakonzedwa miyezi ingapo. Koma kusangalala ndi chakudya sikufuna hotela. Tsiku lamsika, tengani ana ndi mayi awo mukagule chipisi mbale imodzi, mukhale pamthunzi mudyere pamodzi. Mabanja atatu kapena anayi oyandikana angathe kupangana kuti Lamlungu lina, kapena Lachisanu akachoka kumzikiti, aliyense abwere ndi chimene waphika. Mabanki a m'mudzi pogawana ndalama kumapeto kwa chaka amaphika kale limodzi. Mwambo umenewo upitirire. Mwana sadzakumbukira mtengo wa chakudya. Adzakumbukira kuti bambo ake anamutemera nthuli m'mbale yawo.

Pa zonsezi tisaiwale ukhondo. Mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo unatikumbutsa kuti dzanja limene limagawa chakudya lingathenso kugawa matenda. Kale tonse tinkasamba m'beseni limodzi, wamkulu poyamba, mwana pomalizira, madzi atada kale. Lero timathirirana madzi ndi jagi, ndi sopo, ndipo ulemu sunachepe: wamng'ono amagwadabe pothirira wamkulu. Ichi ndi chitsanzo cha mwambo umene wasintha chovala koma mtima wake uli womwewo. Pogula chakudya pamsika, tiyang'ane kuti n'chotentha, n'chovundikira, ndipo pali madzi osamba m'manja.

Ndisanakhale pansi ndili ndi mapempho angapo. Kwa inu amene muli ndi malo odyera, pano pa Ndunde ndi kwina konse: pambali pa mpunga ndi chipisi, tiikireniko makaka ndi nandolo, futali, chigwada chotendera, thobwa la mawere. Muziphike mwaukhondo, muziike m'mbale zokongola, muzilembe pabolodi ndi mayina ake enieni. Ana athu akadzaona munthu wa taye akulipira ndalama kuti adye makaka, manyazi aja adzatha okha. Ndipo banja likafika n'kupempha kuti lidyere m'mbale imodzi, musalidabwe.

Kwa inu amayi akuluakulu amene mukudziwa kuphika kalongonda, kutcheza chidulo, kufutsa masamba ndi kumanga chikwatu: musapite nalo kumanda luso limeneli. Itanani adzukulu, aakazi ndi aamuna omwe, aime pafupi ndi mafuwa aone. Kwa akuluakulu a bungwe lathu: monga mmene timasungira magule ndi chiyankhulo, tilembenso kaphikidwe ka zakudya zathu kuchokera pakamwa pa eni ake akadali moyo. Ophunzira a m'sukulu zathu za sekondale angathe kugwira ntchito imeneyi pa tchuthi, aliyense kwa agogo ake, ndipo ine ndine wokonzeka kuthandiza kusonkhanitsa zolembazo.

Kwa inu achinyamata amene muli m'tauni, ndi ena amene muli ku Joni ndipo mudzawerenga mawuwa m'kabukuka: idyani zabwino za kumeneko, palibe akukuletsani. Koma mukabwera kumudzi musafike ndi zakudya zanu za m'mapaketi n'kumadyera m'galimoto. Khalani pamphasa. Ndipo mwezi ukatha, pamene mukuitanitsa chakudya chanu chokoma, kumbukirani nsonga ya chitenje: kagawo kena kapite kwa otsala kunyumba.

Amayi anga anatisiya zaka zingapo zapitazo. Asanamwalire ndinawatengeranso kukadya kunja kangapo, ndipo sanasinthe ngakhale pang'ono: ankaphatikiza mbale, ankaitana woperekera zakudya, ankamanga kanthuli pachitenje. Chimene chinasintha n'chakuti ine ndinaleka kuwanong'oneza. Ulendo womaliza ndinachita kupempha ndekha kapepala kokulungira, ndipo titafika kunyumba adzukulu anawathamangira, iwo n'kukhala pakhonde, kumasula mfundo ija, ndi kugawa kanthuli kamodzi kwa ana asanu. Aliyense analandira kachidutswa kosakwana n'chala chomwe, koma mpaka lero, ali akuluakulu, amakambabe za nkhuku ya ku Limbe.

Tsopano ndikuona amayi akutikodola kuti zapsa. Pamene tikupita kukadya, ndikupempha chinthu chimodzi: musakhale ndi okhawo amene munabwera nawo. Yang'anani amene waima payekha, mlendo amene sakudziwa aliyense, gogo amene sangathe kukankhana pamzere, mwana amene akuyang'anira patali, mumuitane kuti, "Tabwerani tidye." Tithokozenso amayi ndi abambo amene akhala pautsi kuyambira mbandakucha kuti ife tidye, ndipo tionetsetse kuti nawonso akhala pansi ndi kudya nafe, nthuli zisanathe.